Phiri likapsa, mabwinja amatsala bwanji? Nkhani ya ku Mesa Verde

Amene munaphikapo pa mafuwa mukudziwa zomwe zimachitika mwala ukakhalitsa pamoto kenako wina nkuthirapo madzi ozizira, umangomva kuti thaa, kachibenthu kagwa. Mwalawo sunanyeke ayi koma sulinso mmene unalili. Ndayamba ndi mafuwa dala chifukwa anthu ambiri ukawauza kuti moto wa m'tchire umaononga mabwinja akale amaseka, ati miyala ndi mapale zingapse bwanji poti mphikawo anauwotcha kale mwini wake? Funso lomveka ndithu. Yankho lake ndi lalitali pang'ono ndipo malo abwino kulionera ndi ku Mesa Verde, komwe moto unawaphunzitsa mokakamiza.

Mesa Verde ili kummwera chakumadzulo kwa Colorado ku America. Ndi paki ya boma, anaikhazikitsa mu 1906 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wake wa malo ofunika padziko lonse mu 1978. Dzinali ndi la Chisipanishi, tebulo lobiriwira, chifukwa phirilo pamwamba pake ndi pafulati ngati tebulo kungoti ladukaduka ndi zigwa zakuya. Pamalo okwera kwambiri pamapitirira mamita 2,600, tinene kuti msinkhu wa Nganda ku Nyika. Makolo a anthu a Pueblo, mitundu ya eni nthaka a chigawo chimenecho, anakhala kumeneko zaka pafupifupi 700, kuyambira cha m'ma 550 mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1200 pomwe anasamukira kummwera, ndipo anasiya malo akale pafupifupi 5,000. Mwa amenewa 600 ndi nyumba zomangidwa m'mapanga a m'therezi, monga Cliff Palace yomwe ili ndi zipinda pafupifupi 150, zija mumaziona pa zithunzi zija.

Koma apa mumve bwino. Za pa zithunzizo ndi zochepa. Zochuluka zili pamwamba pa phiri m'kati mwa nkhalango, ndipo sizokongola olo pang'ono: kamulu ka miyala pomwe khoma linagwa, kadzenje kozungulira pomwe panali nyumba yokumba pansi, dzala la phulusa, mapale omwazikana, mphero yosweka. Munthu wamba atha kuyendapo osadziwa kuti waponda pakhomo pa munthu. Zimenezi ndi zomwe zimakumana ndi moto maso ndi maso.

Ndiye pakati pa 1996 ndi 2003 kunali chilala ndipo mphezi zinkangoyatsa. Moto wa Chapin 5 mu Ogasiti 1996, wa Bircher mu Julayi 2000, wa Pony mwezi wotsatira chaka chomwecho, wa Long Mesa mu 2002, wina mu 2003. Pofika kumapeto theka la paki ndi kuposerapo linali lupsa, mahekitala oposa 11,000 pa paki ya mahekitala 21,000. Mitengo ya kumeneko ndi pinyon ndi juniper, yaifupi, yothithikana, ya utomoni, ikauma moto wake sumayenda pansi ngati wa udzu koma umalumpha pamwamba mtengo ndi mtengo.

Moto ukangozima, utsi usanathe nkomwe, kumabwera timu yoyesa zomwe moto waononga yomwe kumeneko amaitchula kuti BAER. Muli odziwa za dothi, za madzi, za zomera ndi ofukula zakale. Ntchito yawo si kafukufuku wa pang'onopang'ono wa ku yunivesite ayi, ndi ya changu ngati ya ku kajuwote, kuona wodwala amene angafe lero ndi amene angadikire. Changucho chifukwa chake ndi mvula. Ife tili ndi mawu abwino oti chizimalupsa, mvula ija imagwa tchire litangopsa. Kumeneko nayo ilipo yake, mvula ya mabingu ya mu Julayi ndi Ogasiti, ndipo nthawi zambiri mtambo womwe unabweretsa mphezi youma ndi m'bale wake wa mtambo womwe ubweretse chimvula masabata awiri akubwerawo. Ndiye munthu ali ndi malo mazanamazana oti aone ndi masiku owerengeka.

Amayamba ndi mapu. Setilaiti ya Landsat imajambula dziko mobwerezabwereza, nde amatenga chithunzi cha moto usanadutse ndi cha utadutsa nkuziyerekeza pa kompyuta, zimatuluka mitundu yosonyeza pomwe panapsa pang'ono, pakatikati ndi pomwe panapseratu. Pamwamba pa mapu amenewo amaikapo madontho a mabwinja omwe analembedwa kale. Zikuthandiza kusankha koyambira, koma kadontho kamodzi ka Landsat ndi mamita 30 mbali zonse, pomwe chipika chimodzi chomwe chinagonera khoma nkunyeka usiku wonse setilaiti singachione. Mapu amaona mitengo, saona mapale. Ndiye palibe kuchitira mwina, munthu ayende wapansi m'phulusa lofika m'akakolo, fomu m'manja, kamera pakhosi, uku akuyang'ana kumwamba kuti chimtengo chopsa chisamugwere.

Akafika pa bwinja funso loyamba si loti malawi anali aatali bwanji. Ili ndiye phata la nkhani yonse kwa ine. Funso ndi loti kutentha kunakhala nthawi yaitali bwanji pamalo amodzi. Moto wa udzu umaoneka woopsa koma umadutsa msangamsanga, ana osaka mbewa amadziwa, moto ukadutsa ukakumba pang'ono pansi mpozizira ndipo mbewa ili moyo kuuna kwake. Dothi silipititsa kutentha msanga, masentimita 10 okha pansi zinthu zambiri zimapulumuka. Koma chipika chouma kapena chitsa ndi nkhani ina, chimenecho chimachita ngati uvuni wa makala, chimanyeka mwakachetechete maola ambiri mwinanso masiku ndipo chilichonse chokhudzana nacho chimaphikidwa. Nchifukwa chake amawerenga phulusa. Lakuda lokhala ndi timitengo tosanyeka bwino ndiye kuti moto unangodutsa. Loyera la mbuu ndiye kuti chilichonse chinatheratu. Ukaona mzere woyera wautali pansi, dothi la m'mbali mwake litafiira ngati njerwa, dziwa kuti pamenepo panagona chipika, ndipo ngati mzerewo wadutsa pa khoma kapena pa dzala ndi pomwe uyenera kugwada nkuyang'anitsitsa.

Tiyambe ndi miyala. Nyumba za ku Mesa Verde ndi za mwala wa mchenga, wofewa, womwa madzi. Ukatenthedwa mwadzidzidzi kunja kumafufuma m'kati mukadali mozizira, chinyezi cha m'kati chimasanduka nthunzi nkumakankha, ndiye khungu la mwala limasupuka zibenthuzibenthu ngati mafuwa aja. Pa khoma wamba zimenezi ndi chilema chabe, mwala wachepa pang'ono koma khoma lilipo. Vuto ndi pomwe khungu limenelo ndi lomwe lili ndi chithunzi. Mu 1996 moto wa Chapin 5 unafika pa thanthwe la zithunzi zogoba la Battleship Rock, zitsamba zomwe zinamera m'tsinde mwake zinayaka ndipo mbali ya zithunzizo inasupuka nkugwa. Chithunzi chogoba chimalowa mamilimita ochepa okha mu mwala, chikagwa chagwa basi, palibe guluu wobwezera. Chovuta china nchakuti kusupukako sikuthera tsiku la moto, pena chibenthu chimangolekana ndi thanthwe m'kati koma chikadali pomwepo, ukagogoda pang'ono chimalira ngati chopanda kanthu, nkudzagwa chisanu chikabwera madzi ataundana m'ming'alu. Ndiye woyesa amalemba zogwa kale ndi zoyembekezera kugwa.

Ndikamaganiza zimenezi mtima umathamangira ku Chongoni ku Dedza, malo 127 a zojambula za pa miyala omwe UNESCO inawazindikira mu 2006, zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa za chinamwali ndi za nyau. Mwala wake ndi wina, wolimba kuposa wa ku Colorado, koma mapiri athu amapsa chaka ndi chaka ndipo utoto uli pa khungu lomwelo, mwaye nawo sumasankha. Kulambula udzu ndi zitsamba kutsogolo kwa phanga mwezi wa Juni ndi ntchito ya khasu ndi chikwanje basi. Tibwerere.

Mapale. Zoona mphika unawotchedwa kale, ndipo moto wa m'tchire nthawi zambiri suposa kwambiri moto womwe woumba anagwiritsa ntchito, ndiye phale silisungunuka wamba. Limada ndi mwaye, limamatidwa ndi utomoni wakuda wochokera ku mitengo yopsa, pena limasweka kapena kusupuka. Koma pali kanthu kena kobisika. Mbale zotchuka za kumeneko ndi zoyera zojambulidwa ndi zakuda, ndipo utoto wakudawo unali wa mitundu iwiri, wina wochokera ku miyala ya chitsulo wina wophika kuchokera ku zomera. Wa zomerawo ndi kaboni, tinene kuti makala olowerera mu dongo. Ukauwotchanso pamtetete pomwe mpweya uli wambiri umanyeka nkuzimiririka, pomwe wa chitsulo uja umatha kusanduka wofiirira. Amayi oumba mbiya amazidziwa izi, mbali yomwe inaphimbidwa ndi nkhuni imatuluka yakuda, yomwe inapeza mpweya imafiira. Tsono wofukula zakale akafika pa bwinja lomwe silinakumbidwe amadziwa zaka zake poyang'ana maluwa a pa mapale, awa ndi a m'ma 800, awa a m'ma 1200. Maluwa akafufutika phale lilipo lonse bwinobwino m'manja mwako koma lasiya kuyankhula.

Apa ndi pomwe ndikufuna tikhalitse, chifukwa zambiri zomwe moto umaba sizioneka ndi maso. Umaba zaka.

Mtengo wa kumeneko ukaudula pali mizere yozungulira, umodzi chaka chimodzi, waukulu chaka cha mvula yabwino, wopyapyala chaka cha chilala. Katswiri wina wa ku Arizona, A. E. Douglass, analumikiza mizere imeneyi kuchokera ku mitengo yamoyo kubwerera m'mbuyo mpaka ku mitanda ya m'mabwinja, ndipo mu 1929 anatseka mpata womwe unatsala, nkutha kunena chaka chenicheni chomwe mtanda unadulidwa. Chaka chenicheni abale, osati kungoyerekeza. Ndi mmene tikudziwira kuti nyumba za m'mapanga zinamangidwa kuyambira cha m'ma 1190 ndiponso kuti kunali chilala chachikulu kuyambira 1276 mpaka 1299. Ndiye mtanda wa denga womwe wakhala wouma m'phanga zaka 800 ndi kalendala, komanso ndi nkhuni zabwino kwambiri. Mapanga ambiri moto sumalowamo chifukwa mulibe chomera, koma muli makoswe a m'tchire omwe amatuta timitengo ndi zinyalala nkuunjika m'zipinda mibadwomibadwo, nde kamoto kamodzi kouluka ndi mphepo kakagwera pa mulu umenewo kamatha kunyeka pang'onopang'ono mpaka kugwira mtanda, kudetsa pulasitala wa dothi wa pa khoma, kupsereza zitsononkho za chimanga ndi nsapato zoluka zomwe zinakhala pamenepo chichokereni eni ake. Woyesa amakwera kapena kutsika ndi chingwe kukaona phanga lililonse lomwe moto unadutsa pafupi, sangangoganiza kuti lili bwino.

Palinso mwala wakuda wonyezimira ngati galasi wochokera ku mapiri ophulika, obsidian, womwe ankasemera nsonga za mivi ndi timipeni. Ukausema, pamalo patsopanopo pamayamba kumwa chinyezi pang'onopang'ono nkupanga kakhungu kopyapyala koti ku labu amakayeza ndi maikulosikopu nkuyerekeza zaka. Kutentha kwa madigiri 300 mpaka 400 kumasokoneza kapena kufufutiratu kakhungu kameneko, chonsecho mwala ukuoneka wabwinobwino. Njira ina yopezera zaka za phale imawerenga kuyambira tsiku lomaliza lomwe dongo linatenthedwa kwambiri, ndiye moto wa 2000 ukaliphika bwino labu ikuuzani kuti mphika ndi wa 2000. Makala nawo, omwe zaka zake amaziyeza ndi njira ya ku labu yotchedwa kaboni 14, amasokonezeka chifukwa cha zitsa. Chitsa cha juniper chomwe chinamera pakati pa chipinda chimanyeka kutsata mizu mpaka pansi, chimasiya mauna ngati a nyerere zikuluzikulu, dothi lofiira ndi makala atsopano m'kati mwenimweni mwa dothi lakale. Pakapita zaka 50 maunawo atakwiririka, wofukula wina adzapeza dothi lopsa ndi makala nkusangalala kuti wapeza pophikira pa makolo. Nchifukwa chake pa fomu amajambula chitsa chilichonse chopsa pomwe chili, kulembera munthu yemwe sanabadwe.

Tsono nkhani yosakoma kwa ozimitsa moto. Nthawi zina chomwe chimaononga kwambiri si moto koma kuzimitsako. Buludoza ikamalambula njira yotchinga moto imakankha dothi lonse la pamwamba, ikadutsa pa kamulu ka miyala kaja ndiye kuti mudzi wa zaka 1,000 wapita m'mphindi ziwiri, ndipo dalaivala alibe mlandu poti kwa iye ndi miyala chabe ndipo kumbuyo kwake kukubwera moto. Izi anaziphunzira kale ku Bandelier, paki ina ya mabwinja ku New Mexico, pa moto wa La Mesa mu 1977, komwe ofukula zakale anayamba kuyenda kutsogolo kwa makina nkumawalozera pokhota. Lero ndi chizolowezi, gulu la ozimitsa limayenda ndi munthu wodziwa mabwinja atavala zofanana nawo. Kulinso mankhwala ofiira aja ndege zimakhuthula, m'kati mwake ndi zinthu za ngati fetereza zosakaniza ndi utoto kuti woyendetsa ndege aone pomwe wathira kale. Pa mwala wa mchenga amalowerera nkusiya banga, mchere wake nkumadya mwala pang'onopang'ono. Pa moto wa 2002 anathira chakufupi ndi Spruce Tree House, imodzi mwa nyumba za m'mapanga za ku Mesa Verde, ndipo miyala inatsala yofiira. Ine pamenepa sindiweruza msanga, moto unali pakhomo penipeni pa nyumba za paki ndi nyumba yosungiramo zakale, ukanakhala iwe ukanasankha banga kapena phulusa? Madzi ozizira a helikopita pa thanthwe lotentha, mafuwa aja abweranso.

Kenako mvula. Masamba ndi utomoni zikamanyeka zimatulutsa nthunzi ya mafuta yomwe imalowa m'dothi nkuuma pansi pang'ono, dothi limakhala ngati lapakidwa kandulo. Poyesa amakanda phulusa nkudonthezapo madzi, akaona dontho lakhala lozungulira osalowa kwa masekondi ambiri ndiye kuti zavuta. Mvula ikagwa pa phiri lotero, lopanda tsamba lotchinga kapena muzu wogwira, madzi onse amathamanga pamwamba. Amatenga mapale kuchoka pomwe anali nkukawaunjika kumunsi, amadula chigwembe pakati pa dzala, nthawi zina mpaka kufukula manda. Phale likachoka pamalo pake latayanso theka la nkhani yake, chifukwa chofunika si phale lokha koma kuti linali pafupi ndi chani, pansi pa chani. Nyumba za m'mapanga zomwe zinapulumuka moto nazo zimapezeka pangozi, madzi omwe kale nkhalango ya pamwamba inkamwa tsopano akutsika pa mlomo wa phanga ngati mathithi nkumamenya makoma omangidwa ndi matope. Ku Bandelier komwe kuja, moto wa Las Conchas wa 2011 utatha, madzi osefukira m'chigwa cha Frijoles ndi omwe anavutitsa zaka zotsatira.

Ndiye fomu ija imathera pa chiganizo: pano tichitepo kanthu kapena tisiye? Ndalama ndi anthu sizikwana malo onse. Bwinja la pafulati lomwe langoda ndi mwaye amalijambula nkupita. La pamtsetse pomwe pamwamba pake papseratu ndi lomwe amathamangira, kugoneka zipika mopingasa phiri ngati migula kuti madzi afike ofooka, kuyala mphasa za udzu kapena za zopalapala za mitengo, kupatutsa ngalande kuti izungulire, kudula mitengo yopsa yomwe ikadzagwa mizu yake ingadzazule khoma, kukwirira mauna a zitsa. M'mapanga ena amamata kamzere ka silikoni kudenga kuti madzi azidontha kutali ndi khoma. Malo aakulu amafesa udzu wa komweko pa ndege. Palibe chodabwitsa apa, mlimi wa pa phiri ku Ntcheu angazimve zonsezi mosavuta.

Ndipo si paki yokha yomwe imalamula. Ahopi, Azuni, a ku Acoma ndi ma Pueblo ena ndi zidzukulu za omwe anamanga, a Ute Mountain Ute ndi oyandikana nawo mpanda umodzi. Kwa ambiri a iwo malo amenewa si mabwinja osiyidwa, makolo akadali momwemo, ndipo ena amaona kuti nyumba kubwerera ku dothi ndi njira yake. Ndiye pakaoneka mafupa sikuti wofukula angotola nkuika m'katoni, amafunsana kaye ndi eni ake.

Koma moto unaperekanso china, apa mpomwe nkhaniyi imandisokoneza maganizo. Nkhalango ya kumeneko makamaka zitsamba za oak inali yothithikana moti oyendera malo zaka za m'mbuyomo ankadutsa zinthu osaziona. Lupsa litayera anapeza malo atsopano pafupifupi 600 omwe sanalembedwepo, komanso timadamu ta miyala toposa 1,000 m'timakwawa, timizere ta miyala totchinga dothi ndi madzi kuti alimepo chimanga. Zinaonetsa kuti anthu aja sanali omanga okha, phiri lonse analikonza ngati munda. Zoti ndi mwayi ndi zoona, kungoti zovumbuka kwa wofukula zavumbukanso kwa wakuba, nsonga ya muvi ili poyera pa phulusa ikungonyezimira. Lamulo la 1979 limaletsa kutola kapena kukumba pa malo a boma ndipo mapu a mabwinja sawaika poyera, nchifukwa chake mbali zopsa amazitseka kaye. Komanso pa malo atsopanowo sungathe kunena bwino chomwe moto waononga, poti palibe chithunzi cha dzulo choyerekezera. Mng'alu uwu ndi wa moto kapena unalipo kuyambira kale? Pomwe panali fomu yakale ndi zithunzi yankho limapezeka, pomwe panalibe umangodalira mtundu wa mwala m'kati mwa mng'alu, ngati ndi woyera watsopano kapena wakuda wokalamba.

Wina afunsa, bwanji osangowotcha dala msanga ngati mmene amachitira ku Nyika udzu usanaumitsitse? M'nkhalango zina zimathandiza. Koma pinyon ndi juniper sizinazolowere moto wa pafupipafupi, zikapsa zimafa ndipo kuti nkhalango yotero ibwerere mwakale pamafunika zaka mazana angapo. Komanso moto woyatsa dala umathawa, mu Meyi 2000 a paki ya Bandelier anayatsa wawo, mphepo inautenga nkukhala moto wa Cerro Grande womwe unalowa mu tauni ya Los Alamos, mabanja pafupifupi 400 nkusowa pokhala. Ndiye ku Mesa Verde chomwe amadalira kwambiri ndi manja, kuchepetsa mitengo ndi kuchotsa zipika zouma mozungulira malo ofunika moto usanabwere.

Pomwe panapsa paja mpaka pano mukayenda mupeza mitengo yotuwa yoima ngati mafupa, pansi pake zitsamba za oak zomwe zinaphukira ku mizu ndi udzu wachilendo wa cheatgrass womwe umauma msanga nkuyaka mosavuta kuposa wa komweko. Mitengo yoimayo ikugwa umodziumodzi, ina ikugonera makoma omwe aja anapulumuka ulendo woyamba, ndipo chipika chouma chogonera khoma mwaona kale chomwe chimachita. Nchifukwa chake mafomu a 1996 ndi 2000 sanatsekeredwe m'kabati, oyendera amabwerera pa bwinja lomwelo ndi chithunzi chakale m'manja, kuima pomwe anaima mnzawo, kujambulanso, nkuona ngati mphasa ija inagwira, ngati chigwembe chakula, ndi ngati pali chipika chatsopano choti achikoke achichotse pa khoma Julayi asanafike.